Waya Wowonda wa Che Sidiki

Pa Khombedza palibe wosawadziwa Che Sidiki. Ndi aja a kashopu ka malata pafupi ndi siteji ya minibasi, okonza mafoni ndi mawailesi. Sukulu analekeza Sitandade 7, koma amadzitcha injiniya, ndipo tesita woyezera magetsi sachoka m'thumba la shati ngakhale popita ku mzikiti. Ine ndimawadziwa kuposa ena, chifukwa filiji inapsa ija inali yanga.

Chuma chawo chenicheni ndi mwana wawo Nafisa, yemwe akuphunzira sayansi kunja. Ukangopita kukatchajitsa foni, umva za Nafisa mpaka makutu kuwawa. Chaka chatha mtsikanayu anawafotokozera ntchito yake pafoni. Akuti waya wa kopa ukachepetsetsa, ngati timawaya ta m'kati mwa foni, magetsi amavutika kudutsa ndipo umatentha. Tsono iye ndi anzake akuyesa zitsulo zina zachilendo, zoyalidwa mopyapyala kuposa tsitsi kutalitali. Magetsi amayenda pamwamba pake, moti zikamapyapyala m'pamene amadutsa bwino.

Akuluwa anangotolapo chimodzi, kuti wowonda ndiye wabwino. Za kopa zija zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Sabata yomweyo ndinawaitana kuti andikokere magetsi kuchoka m'nyumba kukafika ku kagolosale kanga, komwe ndinaika filiji ya chambo. Anabwera ndi waya wa sipika, wa kopa, wowonda ngati ulusi wa ukonde. Nditadandaula anandiseka, amvekere asayansi anasiya kalekale waya wonenepa, ine ndiye wotsalira. Ndinawasiya akoke. Mayi wogulitsa nsomba angatsutse bambo ake a wasayansi?

Patangotha masiku atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinamva fungo la pulasitiki. Waya unasungunuka, moto unagwira makatoni, filiji n'kupsa mbali yonse. Chambo ndinachita kugawa chisanawole. Ndinalira, ndipo kutukwana ndinatukwana, sindibisa.

Koma pamsika anthu sanaseke Che Sidiki. Anaseka Nafisa, poti ankati nzeru za wayayo zinachokera kwa iye. Ati taonani sukulu ya ana aakazi, ntchito kuotcha mafiliji, akanakwatiwa ku Lifuwu bwenzi pano akukolola mpunga. Ena anafika poopseza ana awo kuti akalimbikira sukulu nawonso adzaotcha nyumba.

Akuluwa akanangokhala duu, uinjiniya wawo ukanapulumuka, poti mlandu unali utagwera wina. Anapirira sabata yathunthu. Tsiku la msika anaima pakati pa ogulitsa tomato, thukuta lili kamukamu.

"Mwana wanga ananena kuti waya wa kopa ukawonda umatentha," anatero. "Wosamva ndine. Zambiri zomwe amandiuza sindizimva, ndimangovomera. Musiyeni mwanayo."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuchokera pamenepo palibe wawaitananso kukakoka magetsi, ngakhale kuika babu imodzi. Mkwiyo ine ndikadali nawo mpaka lero, koma tsiku limenelo sindinaseke nawo.