Wa kabaza sachoka pano akukankha

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tayala lakuphwa. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala zaka ziwiri osagwira kanthu. Tsiku lina njinga ya malume anga inaphwa pafupi ndi msika wa Chinsapo, ndipo ndinaima pa shedi ya Bambo Mhango, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi, amene ankakonza njinga. Anali otanganidwa, choncho ndinapempha guluu ndi chigamba kuti ndimate ndekha. Anayang'anitsitsa mmene ndinkapalira chubu ndi sandipepala, kenako anati, "Mawa ufike 7 koloko."

Makasitomala athu anali a kabaza, onyamula anthu pa njinga zakapalasa. Ndinaphunzira kumiza chubu m'beseni la madzi kuti ndione pamene pakutuluka thovu, kumanga masipoko imodziimodzi mpaka gudumu litawongoka, ndi kuika mabelingi m'girisi osataya ngakhale imodzi. Lamulo la pa shedi linali limodzi, ndipo Bambo Mhango ankalinena ngati vesi: wa kabaza sachoka pano akukankha. Sipeya ikasowa, ankamasula ya pa njinga yawo, iwo n'kupita kunyumba wapansi.

Patapita zaka, njinga zamoto zinadzaza msewu ndipo ntchito yathu inayamba kuchepa.

Lachiwiri lina m'mawa, Bambo Mhango atapita kukagula masipeya, panafika aZakeyu, kasitomala wathu wakalekale, akukankha njinga yamoto yofiira. Anali atagulitsa yakapalasa yawo ndi mbuzi za kumudzi kuti aigule kwa munthu, ndipo patangotha masiku atatu inangozima.

"Achimwene, ndithandizeni," anatero. "Pali ana a anthu oti ndikawatenge kusukulu 12 koloko. Ndikalephera, makolo awo apeza wina."

Ndinawayankha mwaulemu kuti ife timakonza zakapalasa, zamoto apite nazo kwa amakaniko a ku Biwi. Anandiyang'ana, n'kutembenuza njinga.

Pasanathe mphindi khumi anabweranso, akukankha limodzi ndi Bambo Mhango, amene anakumana nawo panjira.

"Feliyasi, chikwangwani chathu chimati chiyani?" anandifunsa Bambo Mhango.

"Tilibe chikwangwani, bambo."

"Nanga wawerenga pati kuti ife ndife a zakapalasa? Ife ndife a anthu awa. Mawa akakwera bulu, tiphunzira za abulu."

Vuto linali loti tonse awiri injini sitinkaidziwa. Pansi pa mpando tinapeza kabuku ka Chingerezi konyowa ndi oyilo. "Sitifiketi yako ija igwire ntchito lero," anatero bwana. Ine ndinkawerenga, iwo ali ndi sipanala. Tinamasula pulagi, tinaipeza yakuda ndi mwaye, n'kuipala ndi sandipepala wa machubu yemwe uja. Njinga sinalire.

A kabaza anzawo anali atatizungulira. "Ingoikani mapedulo, aZakeyu," anatero mmodzi, "miyendo muli nayo kale." Onse anaseka, koma mwini wake ankangoyang'ana nthawi pa foni.

Kabuku kanati tione ngati petulo akufika. Ndinazula kapaipi kochokera ku thanki, sipanadonthe kanthu. Kasefa ka m'kati kanali katatsekeka ndi dzimbiri. Tinakatsuka, ndipo kapaipi tinakapopa ndi pampu yathu ya matayala mpaka zinyalala zinatuluka. AZakeyu anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu injini inalira. Nthawi inali isanakwane 12 koloko. Bambo Mhango anavina pang'ono, kenako anakumbukira kuti ndi mkulu wa mpingo.

Sabata yotsatira anayamba kunditumiza ku Biwi masana alionse kukaphunzira za injini kwa mnzawo. Nditadziwa, ndinawauza kuti tiyambenso kukonza magalimoto. Anakana. "Mwini galimoto ali ndi omukonzera ambiri. Tikamulola, wa kabaza azidikira panja."

Atakalamba anabwerera ku Rumphi kukapuma, shedi anandisiyira ine. Chikwangwani sindinaikebe. Pakabwera chinthu chatsopano sindifunsa ngati ndi ntchito yathu, ndimayamba ndaona amene wachibweretsa.

AZakeyu amabwerabe. Asanazimitse injini amafunsa kaye, "Amisiri, ndiime kapena ndipitirire ku Biwi?"