Kompyuta Imene Inatopa ndi Abale Athu

Tsiku limene adzalembe mbiri ya makompyuta m'tauni ya Kafue, ine ndidzakhala pa tsamba loyamba. Ndikutsimikiza chifukwa bukulo lidzakhala la tsamba limodzi, ndipo wolemba wake ndidzakhala ine ndemwe, ngati magetsi adzakhalepo.

Ndinachoka ku koleji ku Lusaka m'chaka chachiwiri. Sanandithamangitse, anangoleka kundiyembekezera. Chimene chinandigwetsa, kawiri konse, ndi chilankhulo china cha makompyuta chimene sulamula makina zochita. Umangowauza zoona zingapo ndi malamulo, kenako n'kuwafunsa funso, iwo n'kusinkhasinkha okha n'kuyankha. Ine ankakonda kundiyankha kuti ayi.

Ndinabwerera ku Nangongwe kwa amayi, amene analipira zaka ziwirizo ndi nsomba zokaoda ku Chanyanya. Sanandikalipire. Ankangouza maneba kuti ndili pa holide. Holideyo itakwanitsa chaka, ndinaona kuti ndiyenera kuwasonyeza kuti nsomba zija sizinafe pachabe.

Pamwamba pa wadiropu panali kakompyuta ka malemu atate, kamene anawasiyira mzungu wina wa kufakitale ya nsalu pobwerera kwawo. N'kakale kuposa ine. Umakalumikiza ku TV, ndipo mapulogalamu kamawamvera pa kaseti. Ndinalumbira kuti chilankhulo chinandigwetsa chija ndichilemba mwatsopano mpaka chikwane m'kanthu kameneka. Chifukwa chake musandifunse. Wogonja kubwalo amakathamangitsa nkhuku kunyumba.

Zinanditengera miyezi yambiri. Mutu wa kakompyutako ndi wochepa moti chithunzi cha pafoni yanu chingalowemo khutu lokha. Ndinkadula apa, kufinya apo, ngati mayi wolongedza katundu wa banja lonse m'chikwama chimodzi. Poyesa, ndinkayatsa kaseti n'kumvera kulira kwake, tswiii, kwa mphindi zisanu. Magetsi akazima pa mphindi yachinayi, ndinkayambiranso. Kalamba kozunguza kaseti m'wailesi kataduka, ndinapita kumsika kukafuna kena. Wokonza mawailesi anandiyang'ana ngati ndabwera kudzagula mafuta a ngolo.

Zitatheka, ndinaziika pa intaneti kuti aliyense atenge ulere. Anatenga anthu atatu. Woyamba ndinali ine, poona ngati zikutheka. Wachiwiri anali mdala wina wa kutsidya kwa nyanja, wosunga makina akale ngati amenewa, amene anandilembera kuthokoza. Wachitatu sindinamumvepo. Ndikhulupirira chala chinangoterereka.

Kenako ndinaitana amayi. Anabwera ndi beseni la nsomba, n'kukhala patsogolo pa TV, akupala mamba.

“Manje kachita chani?” anafunsa.

“Kaganiza, amai. Nakauza banja yathu, ndani anabala ndani. Kafunseni chilichonse.”

“Kafunse atate ako ni ndani.”

Ndinalemba funsolo. Kanayankha dzina limodzi, la malemu. Ndinakhala tsonga kudikira nthungululu.

“Kapitilize,” anatero amayi.

“Kasiliza.”

“Iwe, uli na atate umozi? Nanga aja anabwela pa njinga kuchoka ku Shimabala pa malilo, anali ndani? Neba?”

Apo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Malamulo a chibale ndinawakopera m'kope langa la kukoleji, la chibale cha azungu, chimene mchimwene wa bambo ako ndi mchimwene wa mayi ako amawaponya m'thumba limodzi. Miyezi yonse ija ndinkaphunzitsa makina kukana abale anga.

“Lemba,” anatero amayi, osakweza maso. “M'bale mwamuna wa atate ako ni atate ako. M'bale mukazi wa amai ako ni amai ako. Ana awo ni abale ako, osati vina. Mwana wa amalume ndiye msuweni, uyo ungaseke naye. Walemba?”

Ndinalemba. Anandipatsa malamulo mmodzimmodzi, osabwereza, osadzitsutsa, ndipo ndikaphonya ankandiloza ndi mpeni. Mphunzitsi wanga wa kukoleji ankafunika bolodi lonse kuti achite zimenezi. Nditafunsanso, kanayankha mayina anayi. Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wabwezeredwa chenje cholondola.

“Manje faka onse.”

Tinayamba kulowetsa mtundu wonse, a kum'mawa kumene atate anachokera, a m'matauni a m'mbali mwa njanji, a ku Chanyanya. Titafika pa ana a mkazi wachiwiri wa agogo aamuna, kakompyuta kanaima. Kanalemba kuti malo atha, n'kuuma gwa. Ndinadina, ndinapempha, osatheka. Chimene ndinawaitanira amayi kudzaona chinali chitafera pamaso pawo.

Amayi anayang'ana TV kwa kanthawi, n'kupukuta manja pachitenje.

“Kasiye kapumule,” anatero. “Naine nimalema nikafika pamene apo.”

Ananyamula beseni lawo n'kutuluka. Panja ndinamva neba akufunsa ngati holide ikupitirira.

“Awe, asebenza, ali pa nchito,” anayankha amayi. “Aphunzitsa TV chibale. Ni yofooka mutu, koma imvela.”

Digiri si imeneyo, ndikudziwa. Koma mawu akuti holide sindinawamvenso.

Malamulo a amayi ndinawaika pa intaneti pamodzi ndi chilankhulocho. Mdala wa kutsidya uja anandilembera mwaulemu kuti wapeza cholakwika: pulogalamu ikunena kuti munthu mmodzi ali ndi abambo anayi. Ndinamuyankha kuti palibe cholakwika, mmodzi anamwalira, atatu alipo, ndipo onse akufunsa kuti ndidzayamba liti ntchito.

Kakompyuta kanabwerera pamwamba pa wadiropu, ine nditatopa nako. Amene adzalembe mbiri ija, poti ndi ine, asadzaiwale mtengo wa ntchito yonseyi: kalamba ka wailesi ndi kaseti imodzi yakale ya kwaya imene ndinafufuta, makwacha makumi awiri ndi asanu.