Bwino Pang'ono

Kwa zaka zinayi ndinkauza dokotala kuti ndili bwino pang'ono, ndipo kwa zaka zinayi iye ankalemba kuti ndili bwino.

Mmalawi aliyense amadziwa kuti munthu akati ali bwino pang'ono ndiye kuti zavuta, yambani kufunafuna galimoto. Matenda onse amakhala mu "pang'ono" mujamo. Koma ine mawuwa ndinkawanyamula momwe alili n'kukawatula m'Chingerezi. "I am a little bit fine, doctor," ndikumwetulira ndi mbali ya kukamwa imene inkandimverabe. Dokotala wathu wa ku Thamesmead, kuno kwa azungu, bambo waulemu wake amene amapatsa munthu aliyense mphindi khumi, ankatola "fine" yekhayo, n'kundilembera timapiritsi topha ululu. Ndinkatuluka nditakwiya, ndikumutukwana chamumtima kuti azunguwa alibe makutu.

Vuto linali nsagwada, pamene imalumikizana ndi mutu, pafupi ndi khutu lamanzere. Poyamba pankangolira kuti kha ndikamayasamula. Kenako ndinasiya nyama, ndinasiya mtedza, ndinasiya kuyimba mokweza ku tchalitchi, anthu n'kumati ndakhwima muuzimu. Chaka chachinayi kukamwa kunkatseguka mongokwana chala chimodzi. Buledi ndinkamuviika mu tiyi n'kumukankhira pakati pa mano ngati kalata pa chitseko. Chimene ndinkaopa, ngakhale sindinkauza munthu, chinali choti tsiku lina kudzatsekeka osatsegukanso.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Zaka zonsezi ndakhala ndikupera kaloti ndi nkhuku mu bulenda, n'kumanyengerera agogo a eni ake kuti, “Yasamulani, n'zokoma.” Akakana ndinkati ndi matama. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amene anandiulula ndi mwana wanga wamkazi. Anabadwira konkuno, ndi wamkulu ndithu, amagwira ntchito yake ndipo amakhala kwayekha ku Romford. Chichewa amamva chonse, makamaka ukamamunena, koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku lina anaumirira kundiperekeza kwa dokotala. Nditangomaliza kunena "little bit fine" wanga uja, iye anandidula pakamwa, pamaso pa mlendo.

Anauza dokotala kuti mayi ake akunama. Anati ndimalira pakudya, masiketi onse akundikhwepa, ndipo mswachi sulowanso m'kamwa. Anafotokozanso, ngati akumasulira za mtundu wa anthu a m'nkhalango, kuti kwathu munthu amanena kuti ali bwino pang'ono mpaka tsiku lomuika m'bokosi.

Dokotala anasiya kompyuta n'kundiyang'ana. Aka kanali koyamba kuona mtundu wa maso ake.

Pamalo okwerera basi ndinamulalatira mwanayo kudzera pa kampata ka chala chimodzi komweko. “Iwe, unayamba waona kuti mwana akutsutsa mayi ake pagulu? Ndine wabodza ine? Ndinakulera ndekha kuti uzidzandivula pamaso pa azungu?” Iye anangoyang'ana nthawi ya basi pa foni. Ndinakhala milungu itatu osamuimbira, ndipo ndinkaona kuti ndamulanga kwambiri. Mkati mwa milungu yomweyo munabwera kalata yondiitana ku sikani, kukajambulitsa nsagwada.

Dokotala wa mafupa a kumaso anandionetsa chithunzi. Fupa limene limayenera kukhala losalala linali litadyeka ngati chitsononkho chimene makoswe achipeza. Anati palibe chokonza, achotsa mfundo yonseyo n'kuikapo ya chitsulo ndi pulasitiki, yopangidwa potengera mutu wanga. Ndinamufunsa ngati kunalibe njira ina yaing'ono. Anayankha mwaulemu wa kuno, wozungulira ngati basi ya ku Thamesmead, kuti mwina ikanakhalapo ndikanabwera kale. Ndinafuna kunena kuti ndinkabwera, mwezi ndi mwezi, nditavala bwino. 

Nkhani itafika ku tchalitchi kwathu ku Peckham, aliyense anasanduka dokotala. Ena anati ndi mano anzeru. Ena anati pali munthu kumudzi amene wandimanga pakamwa. Mayi wina wa ku Chipata, amene timakhala benchi imodzi, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Osayopa, asisi, nizakupemphelelani. Koma nsimbi mu mutu, pa eyapoti simuzayamba kulila?” Amene sananene kanthu ndinkawawerenga pamaso. Ankaganiza kuti Mulungu wayankha pemphero lawo, chifukwa ine ndisanadwale sindinali munthu wosunga mawu.

Ndinadzuka ku opaleshoni nkhope itatupa ngati dzungu, atandicheka kutsogolo kwa khutu ndi pansi pa chibwano, mano atawamanga ndi timphira. Ululu wake sindingaufanizire ndi kanthu. Masana namwino anabwera kudzafunsa mmene ndikumvera, ndipo ine, munthu wosamva kamodzi, ndinang'ung'udza "little bit fine" yemwe uja. Namwinoyo anaima, anayang'ana dzina langa pa kakhadi, n'kuweramira kukhutu langa labwino.

“Amayi,” anatero m'Chichewa cha ku Zomba, “kuno pang'ono salembera mankhwala. Tchulani nambala, kuyambira wani mpaka teni.”

Ndinatambasula zala zisanu ndi zinayi. Chakhumi ndinachisunga, kuopa kuoneka wadyera.

Kunyumba anandisamalira mwana wanga yemwe uja, atatenga tchuthi ku ntchito. Za ku basi zija sanazitchule. Ankapera chakudya mu bulenda yanga yomwe, n'kundiyandikizira kasupuni akuti, “Yasamulani, Mami, n'zokoma.” Chichewa chake chonse chinali chimenecho, ndipo ndikudziwa bwino kumene anachimva. Sizokoma. Ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake. Nkhuku yopera imakoma ngati nyuzipepala yonyowa, ndipo agogo onse amene ndinawanena kuti ndi a matama andikhululukire.

Ozonda odwala anabwera monga mwa mwambo, aliyense ndi kontena. Wina nkhuku yokazinga, wina mbuzi, wina chimanga chootcha chimene anachisaka Peckham yense. Ndinali nditawauza kuti sindikutafuna, koma kwathu wodwala akakana chakudya timati akuchita manyazi. Ankakhala pa sofa, n'kupemphera, kenako n'kutsegula makontenawo okha kuti zisaonongeke. Ndinaonerera nyama yanga ikutha m'kamwa mwa abale mwa Ambuye, ine ndikumeza supu ndi malovu. Pochoka ankandiuza kuti ndikuoneka bwino, pamene nsidze yamanzere inali itagona osafuna kudzuka.

Ntchito yeniyeni inayamba atachotsa timphira. Dokotala anandipatsa timitengo tophwatalala tonga ta ayisikilimu, kuti ndizitisanjikiza pakati pa mano kangapo patsiku, kuwonjezera kamodzi ndikatha kupirira. Ndikapanda kutero, anatero, zipsera zidzauma ndipo chitsulo chawo chodulacho chidzangokhala chokongoletsa. Ndinkazemba. Mwana wanga ankawerenga timitengoto ngati kapitawo, ndipo ndikanena kuti ndachita kale ankangonditambasulira dzanja kuti ndimuonetse. Ndinkamuda m'mawa uliwonse. Misozi yanga ikutsika, iye ankagwira mutu wanga n'kuwerenga mpaka makumi atatu, osadumpha nambala ndi imodzi yomwe.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi dokotala anayeza kutseguka kwa kukamwa kwanga ndi karula kake. Mwa kuwerenga kwanga zinali zala ziwiri ndi theka. Anati mwina pathera pomwepa, ndipo anasangalala kuposa ine. Nsidze inadzuka pang'ono, koma mpaka lero ndikadabwa ndimadabwa mbali imodzi. Nzimbe ndi chimanga chokazinga ndinatsanzikana nazo. Ndinafunafuna womuimba mlandu, dokotala woyamba uja, Chingerezi, Satana, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndinakhala zaka zinayi ndikugogoda mwaulemu pa chitseko changa chomwe.

Lamulungu lina abusa anandiitana kutsogolo kuti ndipereke umboni. Anthu anali atakonzeka kumva za dzanja la Ambuye ndi manyazi a adani. Ndinagwira maikolofoni n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino, zoona, koma amene ananditsegula pakamwa ndi mwana wopanda mwambo amene ananditcha wabodza pamaso pa mzungu. Ndinati ananena zoona, ndipo ine ndinamulipira ndi milungu itatu ya chete. Ndinati akanakhala mwana waulemu, monga ndinkafunira, bwenzi pano ndikudyera pa kapaipi.  Amayi busa anati ameni wamng'ono, wosatsimikiza.

Mwana wanga kunalibe, tchalitchi anasiya kalekale. Madzulo ake anaimba foni kufunsa ngati ndachita za timitengo. Mawu onse aja anali akadali pakamwa, ofunda, ndipo kukamwa kunali kotseguka mokwanira. Ndinamuuza kuti ndachita, kenako ndinamufunsa ngati ku Romford kukugwanso mvula.