Woimira Chipani pa Maliro a Bambo

Ndinadzuka kusanache, ngati n'kudzuka komwe, poti tulo take tinali ta pampando. Amayi a mvano anali akuimbabe chapansipansi kuopa kudzutsa anthu a nyumba zoyandikana. Kuno kunja kwa dziko, ku Govanhill, moto wa pasiwa sitisonkha. Azibambo anachezera pa masitepe atavala majekete, ndipo nthunzi ya mpunga inaphimba mawindo mpaka msewu kumaoneka ngati uli pansi pa madzi.

Bambo anali tcheyamani wa chipani m'chigawo chonse kwathu. Ndili mwana ndinkawaonera pamwamba pa lole, chinkuzamawu chili kukamwa, fumbi lili koboo. Chipani chitagawanika anawataya ngati makoko a nzimbe, ndiye ndinawatenga pamodzi ndi amayi anga kudzakhala nane kuno komwe ndimagwira ntchito ya unamwino.

Amayi nkhawa yawo inali imodzi. Kwathu maliro a munthu wotere salowa m'manda wachipani asanayankhule. Tinaimba mafoni sabata yonse, koma kunali zii.

"Ndiye apite ngati sanagwirepo ntchito?" anandifunsa akumanga duku.

Kumanda kunkagwa kamvula kowaza, kopanda phokoso. Ndinkayenda pambuyo pa bokosi, maambulera akuyandama patsogolo panga. Akubanja atayankhula, mkulu wa mpingo anaitana mwachizolowezi: "Woimira chipani." Palibe anasuntha. Ine ndinangowerama ndi manyazi ndi mkwiyo.

Kenako anatulukira mdala wina woyendetsa basi m'dera lapafupi la Govan, yemwe kwathu anali wa chipani chotsutsa. Ndinati basi, abwera kudzatinyoza.

"Ine ndinali mdani wawo," anatero atavula chipewa. "Akuluwa anandisowetsa mtendere. Ndikaitanitsa msonkhano ndinkapeza mudzi wonse wapita kwa iwo, ine n'kumatsala ndikuyankhula ndi mbuzi. Achipani chawo sanabwere. Koma ife amene tinkagonja tikumudziwa munthu wagona apayu."

Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Ine ndinalira mokweza koyamba tsiku limenelo, ndipo dothi linayamba kugwera pa bokosi.

Madzulo nyumba inatsala ya anthu awiri. Mipando yobwereka inali itabwerera kutchalitchi. Ndinkatsuka makapu pang'onopang'ono, amayi atakhala pabalaza osayatsa magetsi, mwakuti ndinkayesa agona.

"Iwe," anandiitana.

"Wawa."

"Unamva? Ankawaopatu bambo ako."