Tsiku limene Torunn anatsuka sitima

Torunn Mjelde wakhala mkhalapakati wa sitima zapamadzi ku Bergen zaka makumi atatu, koma mpaka chaka chatha anali asanapondemo m'sitima yakatundu. Madzi amam'chititsa nseru. Anzake a muofesi amamunena kuti ndi msodzi woopa kunyowa.

Ntchito yake ndi ya pafoni. Uyu ali ndi katundu koma alibe sitima, uyo sitima yake yangokhala, Torunn amawakumanitsa. Akangoti "zatheka", basi nkhani yamangika, mapepala amabwera pambuyo. Pantchitoyi ukabweza mawu kamodzi kokha, foni yako imasiya kulira.

Lolemba lina a Arnfinn Lekve, ogulitsa mchere, anaimba. Nsomba zinali zitayamba kuphedwa kumpoto, ndipo oumitsa nsomba ankafuna mchere sabata yomweyo.

"Mayi, sitima ikhale padoko Lachitatu m'mawa. Apo ayi nsomba za anthu ziola, ine andidya wamoyo."

Pofika masana Torunn anali atapeza kasitima kena, n'kunena "zatheka" mbali zonse ziwiri. Ali mkati momwa khofi mtima unangoti phaa! Funso limene mkhalapakati aliyense amayambira, iye sanafunse. Anaimbira kaputeni wa sitimayo, dzina lake Priit.

"Akulu, komaliza munanyamula chiyani?"

"Malasha. Bwanji?"

Mayo ine! Mchere wothira m'chakudya, m'sitima ya malasha! Woyendera sitima akadzapaka kansalu kake koyera pakhoma n'kuda, mchere sulowa. Priit anati ali ndi anthu anayi okha, sangamalize kutsuka m'tsiku limodzi. Sitima ina panalibe. Torunn anachita manyazi ndi mantha pamodzi.

Lachiwiri kutacha anafika padoko atavala majombo obwereka.

"Amayi, mwasochera?" anafunsa Priit.

"Ndipatseni burashi, zolankhula pambuyo."

Torunn anatsika makwerero kulowa pansi, moika katundu muja munali malasha. Sitima inali yomangirira ndithu, koma iye anasanza kawiri. Amalinyero anaseka mpaka kugwira nthiti. Poona kuti mayiyo sakubwerera, wophika naye anasiya miphika n'kutsika, kaputeni pambuyo pake. Anakwecha makoma tsiku lonse, madzi ozizira akulowa m'mikono.

Lachitatu woyendera anabwera. Anapaka kansalu apa, anapaka apo, mpaka m'makona. Kanatuluka koyera. Mchere unayamba kulowa.

Masana Torunn ali muofesi, msana utauma gwa, a Arnfinn anaimbanso.

"Mwaona? Ntchito yanu njophweka inu. Kungokhala pampando, foni kukhutu, khofi pambali."

Torunn anayang'ana zikhadabo zake, zakuda bii, zimene sopo anazilephera.

"Eetu bambo," anatero. "Njophweka. Sabata yamawa muli ndi katundu wanji?"