Sekani Mawindo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene azakhali anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe miyezi ingapo ku Mirrabooka, dera la mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja kuno. Nthawi imeneyo Chichewa changa chinali cha m'makutu basi. Ndinkamva zonse, ndi miseche ya akuluakulu yomwe, koma poyankha ndinkayankha m'Chingerezi. Azakhali ankati Chingerezi chathu cha ku Perth ndi phokoso la abakha, ndiye ine ndi iwo tinkangomwetulirana n'kumalozerana zinthu ndi zala.

Abambo ntchito yawo inali yopopera inshuleshoni m'madenga a anthu. Awa ndi mapepala akale opera, otuwa, ofewa ngati thonje, omwe amawayala pamwamba pa siling'i kuti nyumba isamatenthe kwambiri. Makina amakhala m'galimoto panja, n'kumakankha mapepalawo ndi mpweya kudzera m'payipi yaitali mpaka kudenga. Nyumba za eni ake anali atakonza zambirimbiri, koma yathu inkawotcha ngati uvuni, ndipo amayi sankatopa kuwakumbutsa kuti woumba mbiya amaphikira m'phale. Loweruka lina manyazi anawagwira, anabwera ndi galimoto ya kuntchito pamodzi ndi mnzawo wa ku Chipata, a Zulu.

Vuto linali Yamikani, mlongo wanga wa zaka zisanu, yemwe anali ndi mphumu. Fumbi pang'ono chabe linkamutseka chifuwa. Anayenera kupita ndi azakhali ku mapemphero a azimayi m'mawa umenewo, koma anadzuka ndi chimfine, ndipo amayi anali pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba ku Midland. Abambo anaima nthawi yaitali akukanda kumutu. Kenako anamugoneka m'chipinda chakumapeto, anatseka chitseko n'kutsekera thaulo lonyowa pansi pake. Anamata pulasitiki pa kabowo kolowera kudenga ka m'khonde la m'kati, anamatanso mabowo a magetsi a pasiling'i, anazimitsa mafani onse. Payipi anailowetsa chakunja, atachotsa matailosi angapo padenga.

Atatha anandigwira paphewa. "Tadala, fumbi lilibe miyendo, limakwera mpweya. Kumene mpweya ukupita, nalonso likupita. Zitseko ndi mawindo zikhale zotseka mpaka nditatsika. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera, ndikudzimva kukula.

Poyamba ndinaonerera pawindo a Zulu akuthira matumba m'makina. Abambo anakuwa ali padenga kuti mpweya wachuluka, payipi ikungolavula utsi wotuwa m'malo moyala mapepala. A Zulu anachepetsa, payipi inayamba kutsamwa, anawonjezeranso pang'ono mpaka phokoso la makina linakhazikika. Kenako abambo anavala masiki n'kulowa kudenga, ndipo ndinkangomva mawondo awo akusuntha pamitanda pamwamba pa mutu wanga. M'nyumba munayamba kutentha. Thukuta linkanditsika kumsana, koma mpweya unali woyera.

Azakhali anabwerera msanga, mayi wina wa kutchalitchi atawatsitsa pageti. Za malangizo a abambo sanamve kalikonse, poti anachoka ntchito isanayambe. Atangolowa anaima, anakupiza nkhope ndi mpango wawo.

"Mayo ine! Mukufuna kumuphika mwana wodwala? Nyumba yotseka chonchi ngati muli maliro?"

Anayamba ndi windo la pabalaza. Kenako la kukhitchini, kenako chitseko cha kuseri, chomwe anachitchinjiriza ndi mpando kuti chisabwerere. Ankachita zomwe mayi aliyense wanzeru akanachita kwawo: wodwala amafuna kamphepo. Ine ndinkawatsatira pambuyo ndikulankhula Chingerezi chothamanga, iwo n'kumangoti, "Eya, eya, mwanawe," osamva ngakhale liwu limodzi.

Tsikulo mphepo ya kunyanja, yomwe nthawi zambiri imayamba masana, inali itafulumira. Inkalowa kudenga pomwe panachotsedwa matailosi n'kusowa potulukira, ndipo azakhali anali atangoitsegulira njira. Ndinamva pulasitiki ya m'khonde ikupumira, kufufuma, kuphwa, kufufumanso. Tepi inayamba kumatuka kungodya imodzi.

Mantha anandigwira. Ndinafufuza m'mutu liwu la Chichewa, ndinalipeza, koma lilime langa linali lisanaphunzire kugunda mano poyamba liwulo.

"Azakhali, sekani! Sekani mawindo!"

Anatembenuka. "Ndiseke? Ndiseke chiyani?"

"Sekani! Chonde, sekani!"

"Iwe, ukundiyesa chidole? Ndine mnzako ine?"

Ndinathamangira windo la pabalaza n'kulikankha ndekha. Kwa iwo chimenecho chinali chipongwe chenicheni, mwana kutseka chomwe wamkulu watsegula, pamaso pake. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kulitsegulanso. Nthawi yomweyo pulasitiki inagwa, ndipo fumbi linatsika m'khonde ngati ufa ukukhuthuka m'thumba lobooka.

Azakhali ataona fumbilo anakumbukira wodwala. Anathamanga, anakankha thaulo ndi phazi, anatsegula chipinda cha Yamikani, n'kutsegulanso windo lake kuti fumbi lituluke. Fumbi linamvera. Linadutsa m'khonde monse, kulowa m'chipindamo, kudutsa pamwamba pa bedi lake polowera kuwindo.

Yamikani anatsokomola kawiri, katatu. Kenako chifuwa chinayamba kulira kaphokoso kaja konga kamwana ka mphaka, komwe tonse m'nyumbamo tinkakaopa.

Ndinatuluka ndikukuwa. A Zulu anali ndi zotseka m'makutu, moti ndinachita kuwakoka malaya.

"Nichani iwe? Kamba bwino!"

Sindinathe kukamba bwino m'chilankhulo chilichonse. Ndinangoloza chitseko, pomwe utsi wotuwa unkatuluka. Anazimitsa makina n'kumenya payipi mwamphamvu kuti abambo amve.

Abambo anatsika makwerero osaponda masitepe ena, ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anavula ovolosi pakhomo kuti asamuonjezere fumbi mwanayo, anamunyamula n'kutuluka naye kumbali yomwe mphepo inkachokera. Anamukhazika chowongoka pa udzu n'kuyamba kumupopera pafa, kachitini kake ka mankhwala a mphumu opopera m'kamwa. Mapewa a Yamikani ankakwera ndi kutsika, khungu la pakhosi likulowa m'kati akamakoka mpweya. Maso ake anali pa abambo, osaphethira. Anamupoperanso. Milomo inayamba kusintha mtundu.

"Zulu, imba ambulansi," anatero abambo, mawu ali pansipansi. Kufatsa kumeneko kunandiopsa kuposa kukuwa.

Azakhali anagwada pa udzu, manja ali kumutu, akupemphera mosamveka bwino. Ine ndinaima pageti kudikira, ndikuwerenga kupuma kwa mlongo wanga kumbuyo kwanga, ndikuopa kuti ndikatembenuka ndipeza kwasiya. Sindidziwa kuti ambulansi inatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inachedwa kwambiri.

Yamikani anagona kuchipatala, ndipo anatuluka ali bwino. Ife otsala tinapukuta nyumba yonse ndi nsanza zonyowa, poti abambo analetsa tsache, amati limangoutsa fumbi. Ndinawafotokozera a Zulu m'Chingerezi, ndipo azakhali atamva kwa iwo chomwe ndinkafuna kunena, anakhala pansi pakhonde n'kulira, akubwereza okha, "Amati tsekani. Mwana amati tsekani, ine n'kumukalipira."

Ndinkayembekezera kuti abambo akalipira mmodzi wa ife. Atabwera kuchokera kuchipatala anatiyang'ana tonse awiri, maso ali ofiira ndi fumbi ndi kutopa.

"Achemwali, musalire. Tadala, nawenso. Ine ndinamata bowo lililonse m'nyumba muno. Koma ndinasiya mlonda pakhomo yemwe sindinamuphunzitse kulankhula ndi azakhali ake. Bowo lalikulu linali limenelo."

Kuyambira sabata imeneyo, ndikayankha m'Chingerezi abambo ankakhala ngati sanamve. Zinkandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndinalira kangapo patebulo. Azakhali ndiwo ankandigwira chibwano n'kumati, "Lilime ligunde mano kaye. Bwereza." Pomwe ankabwerera ku Ntcheu tinali titayamba kukangana bwinobwino m'Chichewa.

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, ndipo naye akandiyankha m'Chingerezi ndimamuuza kuti abwereze. Anzanga amandiyamikira kuti ndikusunga chikhalidwe, ena amati ndine wovuta. Onsewo sadziwa. Ine sindikhala ndikuganiza za chikhalidwe ayi. Ndimakhala ndikumva chifuwa cha Yamikani chikulira m'chipinda chakumapeto, ine nditaima pafupi ndi munthu yemwe akanatha kumuteteza, liwu loyenera ndili nalo m'mutu, koma pakamwa likutuluka lina.