Mayi Amene Ankathirira Mlatho

Ku Linthipe ukafunsa za a Magadalena, anthu amati, "Aja ankathirira mlatho aja?" Eni akewo dzinali ankalikonda.

Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosasunga mawu m'kamwa. Ana awo anayi anakulira dimba limodzi la m'mphepete mwa mtsinje, kumunsi kwa mlatho wa msewu wopita ku Lilongwe. Chakudya, sopo, yunifolomu, zonse zinkachokera pamenepo.

Lilongwe atangokhala likulu, malole anachuluka ndipo mlatho wokalambawo unayamba ming'alu. A boma anabwera kudzaukonza. Kuti galimoto zizidutsabe, analambula msewu wongoyembekezera, ndipo msewuwo, malo onse aja kuwasiya, unalunjika m'dimba la a Magadalena. Masiku amenewo munthu sunkatsutsana ndi chitukuko. Wapampando wa chipani akalankhula, iwe unkangoomba m'manja. A Magadalena nawonso anaomba, misozi ili chuchuchu, kabichi wawo akukwiriridwa ndi miyala.

"Mlatho ukatha, dimba ndi lanu, mayi," anatero a Rafaelo, kapitawo wa ntchitoyo. "Pakali pano tikufuna amayi othirira simenti."

"Kuthirira simenti? Kodi bambo, imamera?"

"Ikauma msanga imang'aluka, ndiye timayambiranso."

Mawu oti kuyambiransowo anawalasa mtima. Mlatho ukachedwa mpaka mvula, chaka chonse chipita osadzala kanthu, ana adya chiyani? Anatenga keni yawo yothirira kudimba n'kulembetsa ntchito.

Simenti ija inaona zakuda. M'mawa uliwonse, chisanu cha mu Juni chikuluma zala, a Magadalena anali atafika kale, akuifunditsa ziguduli zonyowa ngati nazale ya tomato. Lamulungu akatuluka ku Misa ankapitanso, osatumidwa ndi munthu. Amisiri ankawaopa kuposa kapitawo. Amene anakalipiridwa kwambiri anali a Kenan, woyendetsa giledala yosalaza msewu, chifukwa choimika chigalimoto chawo pafupi ndi simenti yaiwisi.

Mlatho unatha mu Ogasiti, wopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Galimoto zinabwerera kumtunda. A Magadalena anatsikira kudimba ndi khasu, mtima uli m'mwamba. Atatema koyamba, khasu linangolira n'kudumpha. Malole anali atapondaponda nthaka ija mpaka kusanduka thanthwe. Anayesanso, mpini unathyoka. Anangokhala pansi.

Kenako anamva chiphokoso kumbuyo. Anali a Kenan, amene ankati achoka tsiku lomwelo kupita ku ntchito ina. Anakankhira miyala kumbali, n'kutsitsa mano a giledala, n'kuyamba kung'amba nthaka ija. Pansi pake panatuluka dothi lakuda bii, lachinyontho.

A Magadalena analitapa m'manja n'kulinunkhiza. Anaseka, analira, kenako anakuwa mopitirira injini.

"A Kenan! Tazimitsani chinthucho mumve! Mwezi wamawa mukamadutsa pamlathopa, mudzaime. Mpiru woyamba ndi wanu."